Alenje a Namondwe ndi Nkhope ya Mtumiki (SAW)

Chidule cha khutbah ya Jumu'ah

KHUTBAH YOYAMBA

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah (SW), Yemwe amamasula mphepo ndi kuimanga, Yemwe amasonkhanitsa mitambo ndi kuibalalitsa, ndipo palibe dontho limene limagwa pamtunda kapena panyanja popanda chilolezo Chake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa iye, akubanja kwake, Maswahaba ake ndi onse owatsatira mpaka tsiku lachiweruzo.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pamtunda ndi pamadzi.

Ambiri mwa ife, makamaka achinyamata, taonapo pa foni za m'manja kanema wa kamvuluvulu wakuda bii wotsika kuchokera kumitambo, akusasula madenga ndi kunyamula magalimoto, wojambulayo ali kukuwa ndi chimwemwe. Munthu umadabwa kuti kodi ameneyu bwanji sakuthawa. Yankho lake ndi lakuti sadakumane naye mwangozi namondweyo. Adachita kumusaka, ndipo ena mwa anthu otere adalipira ndalama zambiri kuti awatengere kumeneko. Izi zimachitika ku United States of America. Kodi Msilamu atapeza mwayi woterewu angakwere nawo galimotoyo? Ambiri a ife sitidzapondako kumeneko, koma yankho la funso limeneli ndi lomwenso limatiuza chochita Mwera ukaomba panyanja yathu.

Dziko la akamvuluvulu

Pakati pa dziko la America pali chidikha chachikulu cha minda ya tirigu ndi chimanga ndi mabusa a ng'ombe, choyambira ku Texas kudutsa ku Oklahoma, Kansas ndi Nebraska mpaka ku Dakota. Dzikolo ndi lathyathyathya, kotero munthu amauona mtambo ukadali kutali kwambiri, monga momwe ife timaionera mvula ikadali kutsidya kwa nyanja. M'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, mpweya wofunda ndi wachinyontho wochokera kunyanja ya mchere ya ku Mexico umakumana ndi mpweya wouma wochokera cha kumapiri a Rocky ndiponso wozizira wochokera kumpoto. Wofundawo umakwera mwamphamvu, ndipo popeza mphepo ya m'mwamba imathamanga koposa ya pansi ndi kulowera mbali ina, mtambo wonse umayamba kuzungulira. Kunsi kwa mtambo woterewu ndi kumene kumatsika kamvuluvulu amene eni dziko amamutcha tornado. America imaona akamvuluvulu otere oposa 1,000 pachaka, kuposa dziko lina lililonse.

Ameneyu ndi wosiyana ndi kamvuluvulu wa fumbi amene amatenga mapesi m'minda mwathu m'chilimwe. Ambiri amatha m'mphindi zochepa, koma alipo ena amene amasesa nyumba kusiya simenti yapansi yokha. M'chaka cha 1971 katswiri wina wochokera ku Japan, Ted Fujita, adakonza muyeso wa mphamvu zawo poyang'ana zimene awononga, ndipo muyesowo udakonzedwanso mu 2007. Pa 3 Meyi 1999, kufupi ndi tauni ya Moore ku Oklahoma, makina a rada adayeza mphepo yothamanga makilomita oposa 480 pa ola. Mitambo yomweyi imagwetsanso matalala oopsa. Pa 23 Julayi 2010 ku Vivian, South Dakota, kudagwa talala limodzi la masentimita 20 m'mimba mwake, lolemera pafupifupi kilogalamu.

Kusaka namondwe kudayamba ndi anthu ochepa okonda zanyengo m'zaka za m'ma 1950, ndipo kudatchuka kwambiri itatuluka filimu ya Twister mu 1996. Masiku ano kuli makampani amene amanyamula alendo, ena ochokera ku Britain ndi Australia, pa ulendo wa sabata imodzi kapena masiku khumi, aliyense atalipira madola zikwi zingapo. M'mawa wotsogolera ulendo amaona pa kompyuta kumene nyengo ingavute tsikulo, kenako onse amakwera maminibasi. Masiku ena amayenda mtunda woposa utali wa nyanja yathu yonse, kuchokera ku Mangochi mpaka ku Karonga. Mitamboyo imakhwima madzulo, kawirikawiri pakati pa Asr ndi Isha. Palibe amene amawalonjeza kuti akamuona kamvuluvulu, ndipo ambiri amabwerera osamuona. Asanakwere amasaina chikalata chovomera kuti akudziwa kuti angavulale kapena kufa.

Kuyang'ana kumwamba ndi lamulo

Tisafulumire kuwaweruza onse pamodzi, pakuti Chisilamu sichiletsa munthu kuyang'ana mitambo. Mu Surat Al-Baqarah, Ayah 164, Allah waika kusinthasintha kwa mphepo ndi mitambo yoyendetsedwa pakati pa thambo ndi nthaka m'gulu la zizindikiro za anthu oganiza. Mu Surat An-Nur, Ayah 43, akutifotokozera momwe amayendetsera mitambo, kuilumikiza ndi kuiunjika mpaka kutulutsa mvula ndi matalala. Surah yathunthu, ya nambala 13, idatchedwa Ar-Ra'd, kutanthauza bingu, ndipo m'menemo tikuuzidwa kuti bingulo limamulemekeza Mbuye wake. Ndiye munthu woima patali ndi kuona phiri la mtambo likuzungulira, mtima wake n'kugwidwa ndi ukulu wa Mlengi, sadalakwe.

Ndiponso pakati pa alenje a namondwewa alipo ofunafuna maphunziro opulumutsa miyoyo. Pa 18 Malichi 1925 kamvuluvulu mmodzi adadutsa m'zigawo za Missouri, Illinois ndi Indiana ndi kupha anthu 695, ndipo padalibe chenjezo lililonse. Kulosera koyamba kumene kudapherezera kudachitika mu 1948 ku Oklahoma. Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akutsatira mitamboyi ndi zida zoyezera, ndipo mzinda wa Norman ku Oklahoma ndiwo likulu la ntchito imeneyi. Phindu lake lidaoneka usiku wa pa 4 Meyi 2007, pamene kamvuluvulu adagumula pafupifupi nyumba zonse za tauni ya Greensburg ku Kansas. M'tauni ya anthu oposa 1,000, omwalira adali 11, chifukwa chenjezo lidafika nthawi ikadalipo ndipo anthu adathawira m'zipinda zapansi panthaka. Surat Al-Ma'idah, Ayah 32, ikutiphunzitsa kuti kupulumutsa moyo umodzi kuli ngati kupulumutsa anthu onse. Ntchito yotere ndi yolemekezeka, ndipo tikadakonda kuti ana athu ophunzira m'sukulu ndi m'madrasa adzakhale akatswiri a zanyengo othandiza asodzi ndi alimi athu.

Nkhope ya Mtumiki (SAW)

Komabe, abale anga, pali kayang'anidwe kawiri. Mayi Aisha (RA) adafotokoza, mu hadith yomwe adailandira Bukhari ndi Muslim, kuti Mtumiki (SAW) akaona mtambo kapena mphepo nkhope yake inkasintha, ankalowa ndi kutuluka m'nyumba osakhazikika, ndipo mvula ikayamba kugwa m'pamene mtima wake unkakhala pansi. Mayi Aisha adamufunsa chifukwa chake, popeza anthu ena amasangalala akaona mtambo. Iye adawakumbutsa za anthu a Aad, omwe adaona mtambo ukulunjika m'zigwa zawo nakondwa poganiza kuti ndi mvula, pomwe idali mphepo ya chilango. Nkhani yawo ili mu Surat Al-Ahqaf, ndipo Surat Al-Haqqah ikuti mphepoyo idaomba mausiku 7 ndi masana 8 mpaka anthu adagwa ngati zitsa za kanjedza.

Ameneyu ndi munthu wolimba mtima kuposa tonsefe, amene sadathawe pa Uhud ngakhale pa Hunain, koma mtambo unkamusintha nkhope. Adadziwa Mwini wake wa mtambowo. Imam Malik adalandiranso kuti Abdullah bin Zubair (RA) akamva bingu ankasiya kulankhula ndi kuyamba kumulemekeza Allah. Tsono yerekezani zimenezi ndi munthu amene akuomba m'manja ndi kukuwa kuti kamvuluvuluyo akule, kuti chithunzi chikongole.

Tikumbukirenso kuti pansi pa kamvuluvuluyo pamakhala anthu. Pa 22 Meyi 2011 ku Joplin, Missouri, kudafa anthu oposa 150. Pa 20 Meyi 2013 ku Moore kudafa anthu 24, ndipo 7 mwa iwo adali ana amene khoma la sukulu yawo ya pulaimale lidawagwera. Chimene mlendo akuchijambula ndi nyumba ya munthu, khola lake, mwina mwana wake. Nthawi zina magalimoto a osaka namondwe amachuluka m'misewu ing'onoing'ono mpaka kutsekereza ambulansi ndi anthu othawa. Pa ulendo wa ku Tabuk, Mtumiki (SAW) podutsa pa Al-Hijr, mabwinja a anthu a Thamud, adaletsa Maswahaba kulowa m'malo a anthu owonongedwawo pokhapokha akulira, ndipo iye adafunda kumutu nafulumiza ngamira yake. Ngati mabwinja akalekale sadali malo osangalalira, nanga bwanji mudzi umene ukugwa ola lomwelo? Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Moyo ndi amana

Chachitatu ndi moyo wa munthu mwini. Pa 31 Meyi 2013, kufupi ndi tauni ya El Reno ku Oklahoma, kudatsika kamvuluvulu wa makilomita oposa 4 m'lifupi mwake, wotambasuka kuposa onse amene adayezedwapo. Adabisika m'mvula, adakula mwadzidzidzi, ndipo adakhota kulowera kumene anthu samayembekezera. Adapha anthu 8, onse ali m'magalimoto. Pakati pawo padali Tim Samaras, mwana wake Paul, ndi mnzawo Carl Young. Samaras sadali mlendo woonera. Adali katswiri wa zaka zambiri pantchitoyi, wodziwika ndi kusamala, amene mu 2003 ku Manchester, South Dakota, adakwanitsa kuika chida choyezera m'njira ya kamvuluvulu. Ngati wodziwa chotere adapezeka pamalo olakwika m'mphindi imodzi, mlendo wongokwera minibasi angadalire chiyani? Linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.

Ngozi siichokera kumwamba kokha. Mu Malichi 2017 osaka namondwe atatu adafa magalimoto awo atawombana kufupi ndi Spur ku Texas. Mu Meyi 2019 maminibasi a alendo adagubuduzidwa ndi mphepo kufupi ndi Lawrence ku Kansas ndipo angapo adavulala. Mu Epulo 2022 ophunzira zanyengo atatu a ku yunivesite ya Oklahoma adafera pamsewu wonyowa akubwerera kosaka namondwe.

Allah mu Surat Al-Baqarah, Ayah 195, watiletsa kudziponya tokha kuchionongeko, ndipo mu Surat An-Nisa, Ayah 29, watiletsa kudzipha. Maulama adaika kuteteza moyo pakati pa zinthu zisanu zimene Shariah idabwera kudzasunga, pamodzi ndi chipembedzo, nzeru, mtundu ndi chuma. Pa ulendo womwe uja wa ku Tabuk, m'chaka cha 9 cha Hijrah, Mtumiki (SAW) adachenjeza Maswahaba kuti usikuwo kuomba mphepo yamkuntho, choncho aliyense asaimirire ndipo mwini ngamira aimange zolimba. Munthu mmodzi adaimirira, ndipo mphepo idamunyamula mpaka kukamuponya kumapiri a Tayy. Bukhari ndi Muslim adailandira nkhaniyi. Onani kuti Mtumiki wa Allah adapereka chenjezo la nyengo, adalamula anthu kubisala, ndipo wosamverayo adachiona.

Pomaliza pali chuma. Tirmidhi adalandira hadith yotiuza kuti tsiku lachiweruzo munthu sadzasuntha phazi asanafunsidwe za moyo wake, maphunziro ake, thupi lake, ndi chuma chake, kumene adachipeza ndi momwe adachigwiritsira ntchito. Ndalama za ulendo umodzi woterewu zingathe kufolera nyumba zingapo za anthu amene mphepo idawasasulira madenga.

Tikaphatikiza zonsezi, yankho ndi ili. Kuona namondwe uli patali pabwino, ndi cholinga chophunzira kapena kulingalira chilengedwe cha Allah, swala ikusungidwa pa nthawi yake, banja lisakusowa kanthu, ndiponso usakutsekereza opulumutsa anthu, palibe choletsa. Katswiri wogwira ntchito yochenjeza anthu ali ndi malipiro malinga ndi niya yake, naye asadutse malire a kusamala. Koma kuyandikira dala pamene imfa ikuoneka, pofuna kumva kugunda kwa mtima kapena kutchuka pa Facebook, kumeneko ndi kuseweretsa amana ya Allah, ndipo Msilamu asachite nawo.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi wokhululuka, wachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake.

Abale anga, anthu a ku America aja amalipira kuti akakumane ndi namondwe. Ife namondwe amatipeza pakhomo, ulele. Mwera umaomba chaka ndi chaka m'miyezi yozizira, ndipo palibe doko limene silidaikepo m'manda msodzi wake. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira m'mphepo cha kumpoto kwa nyanja yathu ndi kutenga miyoyo 145. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Choncho phunziro la lero ndi lathu.

Nthambi yoona zanyengo ikalengeza pa wailesi kuti Mwera ukubwera, tiyeni timvere. Wakutsina khutu ndi mnansi. Alipo amene amati imfa ndi Qadar, ngati tsiku lako silidakwane sungamire. Zoona, zonse zidalembedwa. Koma Umar bin Khattab (RA) atamva kuti ku Sham kwagwa mliri adabweza anthu ake panjira, ndipo atafunsidwa ngati akuthawa chikhazikitso cha Allah, adalongosola kuti kubwererako nakonso kuli m'chikhazikitso cha Allah. Mtumiki (SAW) adauza mwini ngamira kuti ayambe waimanga kenako atsamire kwa Allah. Imam Ahmad adalandira hadith yotiuza kuti wokwera panyanja itawinduka, nafera pomwepo, wadzichotsera yekha chitetezo. Ndipo taonani chifundo cha chipembedzo chathu: usiku wa mvula ndi mphepo Mtumiki (SAW) ankalamula muadhin kuti alengeze zoti anthu aswalire m'makomo mwawo, ndipo Ibn Abbas (RA) adachita chimodzimodzi pa tsiku la Jumu'ah la mvula. Ngati Allah walola kuti usafike kumzikiti chifukwa cha nyengo yoipa, kodi usipa ndi utaka zingakukakamize kulowa m'mafunde?

Mawu awa akufikeni makamaka inu eni maboti ndi eni chilimira. Mnyamata amene mwamulemba ntchito sangakane mukamutuma, chifukwa akuopa kutaya ganyu. Inu muli pamtunda, iye ali pamadzi. Aliyense wa ife ndi m'busa ndipo adzafunsidwa za zimene akuweta. Mukadziwa kuti nyanja siili bwino koma n'kuwakankhira anyamata m'madzi chifukwa mtengo wa nsomba wakwera, konzekerani yankho pamaso pa Allah. Chimodzimodzi inu onyamula anthu m'maboti, musadzaze kupyola muyeso, ndipo zovala zoyandamitsa zikhalemo.

Inu achinyamata, mtsinje ukasefukira kapena mphepo ikagwetsa nyumba, musathamangire kumeneko foni ili m'mwamba. Ngati mwapita, pitani ndi chingwe, fosholo ndi chakudya. Musajambule mtembo wa m'bale wanu kapena mayi amene zovala zake zatengedwa ndi madzi, pakuti wobisa manyazi a Msilamu mnzake, Allah adzamubisira ake.

Tisaiwalenso malire a lilime. Mtumiki (SAW) adaletsa kutukwana mphepo, chifukwa iyo ndi yolamulidwa, imabwera ndi chifundo ndiponso imabwera ndi chilango. Adatiphunzitsa kuti ikaomba tizipempha kwa Allah ubwino wake ndi ubwino wa zimene yatumidwa nazo, ndi kudzitchinjiriza mwa Iye ku zoipa zake. Ma dua amenewa tiwaloweze ndipo tiwaphunzitse ana athu m'madrasa. Ndiponso pasapezeke pakati pathu woloza chala anthu a ku Moore, a ku Chilobwe kapena banja la msodzi womira, n'kumati Allah wawalanga. Zimenezo adziwa ndi Allah yekha. Chimene tidauzidwa ndi chakuti wokhulupirira womira m'madzi ndi wogweredwa ndi nyumba ali m'gulu la ma shahid.

Surat Yunus, Ayah 22 ndi 23, ikufotokoza za anthu a m'chombo amene mafunde akawazinga amamupempha Allah ndi mtima wonse, koma akafika pagombe amabwerera ku zoipa zawo. Ambiri mwa inu mudalonjezapo kanthu kwa Allah usiku wina pakati pa nyanja, nyali zitazima, madzi akulowa m'bwato. Allah adasunga mbali Yake, n'chifukwa chake muli muno lero. Kwaniritsani malonjezo amenewo.

E Allah, tipatseni ubwino wa mphepo ndi mvula, ndipo titetezeni ku zoipa zake. E Allah, sungani asodzi athu akamapita ndi akamabwera, ndipo dalitsani rizq lawo. Achitireni chisoni abale athu amene adatsikira m'madzi ndi amene adakwiririka m'matope, ndipo limbitsani mitima ya amasiye awo. Tipatseni maso oona zizindikiro Zanu ndi mitima yokuopani. Khululukirani Asilamu amuna ndi aakazi, amoyo ndi akufa. Ameen.

Akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndipo Iye adzakukumbukirani. Imirirani tiswali.